Agalu anayi a m'njira ya kwa a Esinati

Lolemba

M'mawa. Buku ili ndi la miyezo ya makasitomala, koma masamba a kumbuyowa ndi anga. Kutsogolo ziuno za anthu, kumbuyo mavuto a telala.

A Esinati avomera! Osati kuvomera kwenikweni, koma sanakane, ndipo kwa munthu wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, wogona yekha kuseri kwa golosale ya a Jafali pano pa Kachulu, kusakanidwa ndi phwando kale. Ndi mayi wamasiye, amakhala kutsidya kwa dambo, amaimba kwaya ku tchalitchi kwathu. Dzulo potuluka m'mapemphero anandiuza kuti: "A Telala, mawu anu okomawo ndawamva. Koma mpunga wanga uli pa mulu, wopuntha palibe. Muzibwera masana aliwonse sabata ino. Loweruka akubwera amalume kuchokera kwa Kuntumanji, adzakuoneni okha."

Ndiye zili chonchi:
- masiku asanu kupuntha mpunga
- Loweruka amalume
- amalume akagwedeza mutu, ubatchala watha
- akapukusa, ndidzafera pa makina osokera omwewa

Vuto ndi limodzi, koma lili ndi miyendo khumi ndi isanu ndi umodzi. Njira ya kwa a Esinati ndi imodzi yokha, kanjira kouma pakati pa matope, ndipo kamadutsa pakhomo pa a Tcheya a chipani. A Tcheya ali ndi agalu anayi. Chingwe sachidziwa.

1. Wakuda, mutu ngati mtondo.
2. Wofiira, wodula mchira.
3 ndi 4. Awiri otuwa, ofanana. Awa sauwa n'komwe, amangofika.

Sindikuopa. Kwathu ku Chiradzulu ngakhale mwana amadziwa: galu akakudzera, werama ngati ukutola mwala. Amathawa yekha.

Madzulo. Ndawerama. Sanathawe!

Ndinaiwala chinthu chimodzi: m'dambo mulibe miyala. Ndi makande okhaokha, ndipo agalu a kumeneko chibadwire sanagendedwepo. Munthu akawerama, iwo amayesa akuwaikira chakudya. Wakuda wabwera kutsogolo kudzaona chimene ndaika. Wofiira wazungulira kumbuyo, wapeza kuti chakudyacho ndi ineyo.

Thalauzi loyamba: thumba la kumbuyo lapita, pamodzi ndi nsalu yonse imene inali pansi pake. Khungu lapulumuka.

Ndapuntha mpunga msana uli ku mulu. "A Telala, mpungatu uli kumbuyo kwanu," akutero a Esinati. Ndayankha kuti kwathu timapuntha chonchi.

Pobwerera ndadikira amayi ochokera ku minda, ndalowa pakati pawo. Iwo agalu sawauwa, amawadziwa. Amene amamufuna ndi mlendo wa nsapato. Tsoka lake, amayiwa popita amalawira m'bandakucha, nthawi imene ine ndikuyala nsalu pa khonde.

Lachiwiri

M'mawa. Ngati agalu sadziwa mwala, ndiwaphunzitsa. Ndatola zidutswa za njerwa zisanu ndi ziwiri kuseri kwa sitolo, ndaziika m'thumba la shuga.

A Jafali aziona. Atseka wailesi, ayang'ana uku ndi uku, kenako ayankhula chapansipansi ngati tili pa maliro: "Mukagenda galu wa ndani? Khoswe wa pamkhate sapheka, achimwene. Uja anathamangitsa mbuzi ya a Tcheya m'munda mwake apolisi anapita naye ku Zomba kuti wanyoza chipani. Anabwerako, koma mwamumvapo akuseka?"

Njerwa ndazibweza pamene ndinazitola. Ndazisanjanso bwinobwino.

Makasitomala amva nkhani, aliyense wasanduka katswiri wa agalu:
- "Osathamanga. Muime njii ngati mtengo." (mphunzitsi wa buluku la khaki)
- "Apatseni matemba, galu ndi pamimba." (mayi wogulitsa nsomba)
- "Tsabola wosinja, m'maso." (mlamu wawo wa a Jafali)
- "Ambulera. Mukaitsegula mwadzidzidzi amadabwa." (mlamu yemweyo)
- "Pezani mkazi wa tsidya lino." (onse)

Lero mtengo.

Madzulo. Ndaima njii. Manja m'mbali, maso kumwamba. Andizungulira onse anayi, kununkhiza kuyambira ku nsapato. Sanandilume! Mphunzitsi ananena zoona, agaluwo akhulupirira ndithu kuti ndine mtengo. Wakuda wakweza mwendo. Kenako wofiira. Kenako otuwa aja, mmodzimmodzi, mwaulemu.

Atatha agona pomwepo, mu mthunzi wanga. Mtengo suyenda, ndiye ndaima mpaka akazi a a Tcheya atawaitanira makombo. Dzuwa linali litapendeka.

Ndafika mochedwa, ndikununkha. A Esinati sananene kanthu. Amene wanena zonse ndi Sajeni, galu wawo: nkhalamba yotheratu, diso limodzi loyera, mano atatu. Wanunkhiza mwendo wanga nthawi yayitali ngati akuwerenga kalata, kenako wandiyang'ana mwachisoni n'kugona pa phazi langa. A Esinati aseka mpaka kugwira nthiti. Aka n'koyamba kuwamva akuseka chonchi.

"Anali wa malemu bambo a kuno," akutero. "Saluma, sauwa, ntchito yake n'kulonjera alendo. Koma ndikamadya ndekha ndi amene ndimayankhula naye."

Ndafuna kunena kuti ine ndimayankhula ndi makina. Ndachita manyazi.

Thalauzi lachiwiri ndaliviika m'ndowa.

Lachitatu

M'mawa. Matemba. Ndatenga mulu wabwino kwa mayi uja pa doko, ndaugawa m'matumba onse awiri a jekete. Pulani:
- kuponya a kumanja patali
- iwo akamadya, ine kuyenda mofulumira koma mosaonetsa
- a kumanzere kusungira pobwerera

Munthu wa sukulu amaoneka pa kakonzedwe ka zinthu.

Madzulo. A kumanja ndaponya. Atha ndisanapange mapazi khumi! Ndiye mphuno zinayi zatembenukira ku thumba la kumanzere. Ndayesa kuwafotokozera kuti amenewo ndi a pobwerera. Mmodzi wa otuwa aja wadumpha chamumtima, osachenjeza, watenga matemba ndi thumba lomwe. Jekete tsopano lili ndi zenera.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikuthokoza. Koma akazi a a Tcheya aima pa khonde, manja m'chiuno: "A Telala! Mukuwapatsa chiyani agaluwo? Mmodzi akangodwala, ife tikudziwa kolowera."

Tsopano ndiyenera kupempherera thanzi la agalu amene akufuna kundidya. Ambuye, wakuda asatsegule m'mimba. Wofiira asatsamwe ndi munga.

Koma tsidya lija zinthu zikuyenda! Tapuntha mitolo yambiri, manja anga a singanowa atuluka matuza, sindinadandaule. A Esinati andiphikira mbatata, andiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Popereka madzi osamba m'manja anena kuti: "Sambani, bambo." Bambo! Osati a Telala. Mbatata yanditsamwa, Sajeni wamaliza yotsala.

Ndikuopa kusangalala. Zinthu zikandiyendera chonchi, kawirikawiri pamakhala china chikundidikira pa kona.

Lachinayi

M'mawa. Lero ndikutenga zida ziwiri nthawi imodzi.
- tsabola wa kambuzi wosinja, m'kapepala
- ambulera ya a Jafali ("Ibwere yamoyo," akutero)

Tsabola sasiya chizindikiro. Palibe angapite nane ku Zomba chifukwa galu wayetsemula.

Kukuwomba mwera kuyambira m'mawa, nsalu zikuuluka pa khonde. Sindinaganizepo kanthu.

Madzulo. Ndikulemba ndi diso limodzi.

Wakuda akubwera. Ndatsegula ambulera, phwaa! Wadabwadi, waima. Mwera nawo wadabwa, wailanda ambulera n'kupita nayo ku matope. Ndatsegula kapepala, ndamwaza tsabola ndi mphamvu zanga zonse moyang'anana ndi mphepo. Wabwerera yense kwa mwini wake.

Maso moto! Mphuno moto! Ndayiwala za mtengo, ndathamanga. Wofiira wandipeza pa katumba. Mabowo awiri, magazi pang'ono. Thalauzi loyamba lija, limene ndinaika chigamba dzana, lang'ambika kuyambira pa bondo mpaka pansi.

Ndafika ndikulira ngati mwana. A Esinati andisukuluza m'maso ndi madzi a mu mtsuko, atsuka bala ndi sopo, alimanga ndi kansalu. Afunsa kuti ndi agalu a ndani. Ndati a m'njira. Andiyang'ana pang'ono, sanafunsenso.

Pondiperekeza anena kuti: "Loweruka musachedwe, ndipo mubwere wooneka. Amalume amayamba kuyang'ana munthu ku nsapato n'kumakwera."

Kuwerenga zotsala:
- thalauzi loyamba: lafa
- lachiwiri: ndachapa kawiri, agalu a pa msika akundilondolabe
- lachitatu: labuluu, la pa Khirisimasi, lomaliza
- jekete: zenera
- ambulera: a Jafali sakundiyankhula

Telala kukaonekera kwa amalume ndi matako pamtunda? Ayi. Ndatopa, ndakwiya, mwendo ukuwawa.

Ndamva pa msika kuti anthu a boma oona za ziweto ali ku dipi ya ng'ombe sabata ino, ndipo abwera ndi munthu wa mfuti chifukwa cha chiwewe. Galu wosamanga amawombera. Ine sindingagende galu wa a Tcheya, koma boma lingathe! Ndang'amba tsamba m'buku lino, ndalemba ndi dzanja lamanzere kuti asandizindikire:

"Bwana, m'njira ya ku dambo muli agalu osamanga, olusa, akutuluka dovu kukamwa. Tikuganiza chiwewe. Chonde thandizani. Ine Wodandaula."

Za dovuzo ndawonjezera. Dzina la mwini agalu sindinalembe, sindine wopusa. Akafika m'njiramo adzawaona okha.

Lachisanu

M'mawa. Kalata ndailowetsa pansi pa chitseko ku dipi dzuwa lisanatuluke. Palibe wandiona. Ndikupalasa makina ndikuimba nyimbo ya kwaya. Kudekha kumapindula!

Masana. Ndafa.

Ndinaiwala chimene mwana aliyense wa m'dziko lino amadziwa: wa boma akafuna kuchita kanthu m'dera, amayamba wakagwada kwa a Tcheya. Ngakhale wobaya nkhuku katemera. Kalata yanga yafika kwa iwo tiyi asanazizire.

Abwera okha pa khonde, akumwetulira, mathalauzi atatu pa mkono. Aika kalata pa makina anga chozondotsa. Kuseri kwake, ndi dzanja langa lamanja, zilembo zokongola: "A Tcheya. Chiuno 44. M'litali 39. Matumba akuya."

Ndinang'amba tsamba la kutsogolo!

"Chiuno changa chayenda, a Telala," akutero. "Chafika mpaka ku dipi."

Ndaimirira, ndakhala, ndaimiriranso. Khadi la chipani ndalitulutsa popanda wondifunsa.

"Musaope. Mwachita bwino. Chipani chimafuna anthu a maso ngati inu. Mawa ndiwaperekeza ndekha anthuwo m'njira ya ku dambo, tikaone agalu a dovuwo. Awa mundikulitsire m'chiuno onse atatu, ndadya bwino chaka chino. Ndidzawatenga mawa m'mawa. Mundidikire."

Atachoka, a Jafali ayankhula koyamba chichokere ambulera: "Walira mvula walira matope."

Kwa a Esinati lero sindipita. Mathalauzi atatu a munthu wamkulu, msoko uliwonse uyenera kuwongoka ngati moyo wanga uli pamenepo, chifukwa uli pamenepo. Ndatuma mayi wa nsomba, amene amadutsa tsidya lija, akanene kuti ndagwidwa ndi ntchito ya chipani, koma mawa ndifika.

Chakumadzulo alengeza pa msika: mawa aliyense amange galu wake, wopezeka akuyendayenda awomberedwa. Anthu akundiyang'ana. Ndikuyang'ana singano.

Madzulo. Zoti ndichite mawa:
- kusita thalauzi labuluu
- kupaka nsapato
- kubwereka jekete kwa mphunzitsi
- kupereka mathalauzi a a Tcheya, ndi manja awiri
- kuloweza moni wa amalume

Sajeni! A Esinati sabwera ku msika nthawi yokolola, kulengeza kuja sanakumve. Ndipo mayi wa nsomba ndamutuma za ine ndekha, za galu ayi. Kunja kwada kale, m'njiramo muli eni ake anayi aja. Ndikanena mawa. Ndilawira. A Tcheya akangotenga mathalauzi, ine ulendo.

Loweruka

M'mawa. Ndavala. Labuluu lili ndi mzere woti ungadule chala. A Tcheya sakubwera.

Dzuwa lakwera pamwamba pa sitolo. Sakubwera. Anati mundidikire. Ndikachoka n'kupeza khonde lopanda munthu, adzati ndanyoza. Ndikudikira.

A Jafali akutsegula mawindo: "Mukudikira ndani? A Tcheyatu adutsa kalekale ndi anthu awiri, wina wa mfuti. Alowera ku dambo."

Ndanyamuka.

Madzulo. Ndilemba zonse, ngakhale sindikufuna.

Njira ili zii. Pakhomo pa a Tcheya agalu onse anayi ali pa mtengo wa mango, aliyense chingwe chake chatsopano. Ndikudutsa ngati munthu! Nsapato zikuwala, palibe wondinunkhiza. Ndipo apa ndi pamene ndikudzida: ndaima. Ndaima kuwayang'ana. Ndamuvulira wakuda chipewa, wofiira ndamuonetsa kumbuyo kwa thalauzi langa lathunthu. Pakadafunda padajiwitsa galu, amatero akulu, koma sananene kuti galuyo akhoza kukhala wa mwini.

Mfuti yalira kamodzi, kutsidya.

Ndathamanga, mwendo wolumidwawo ndauyiwala. Pabwalo pa a Esinati: amalume, munthu wamtali wa imvi, aimirira pa mkeka, kapu ili m'manja. Anthu a boma awiri, wina akupukuta mfuti, wina akulemba m'buku. A Tcheya. Sajeni wagona pakati pa njira, pamene amalonjerera alendo. Anatuluka kukawalandira, akugwedeza mchira. M'njira yonse ya ku dambo, galu wosamanga anali iye yekha.

A Esinati aima pa khomo, lichero lili m'manja. Sakulira.

A Tcheya andiona: "Eee, afika eni nkhani! Tiwathokoze a Telala awa. Ndi amene analemba kalata yotiitanira anthu a boma."

Moni uja ndinaloweza wathawa. Amalume ayambadi ku nsapato, akwera pang'onopang'ono mpaka kumaso.

"Ndiye inu ndi a kalata? Ndamva kuti mwalumidwa. Anakulumani ndi uyu wagona apayu?"

Ndati iyayi.

"Nanga ndi ati?"

A Tcheya ali pambali panga, ndikumva fungo la sopo wawo. Akumwetulira. A Esinati akundiyang'ana. Mawu ali pakamwa, agalu anayi onse, ndi mitundu yawo yomwe.

Ndati: "Sindinawaonetsetse bwino."

Amalume amwa tiyi wawo wotsala, atayira masamba pansi. "Munthu kulumidwa sabata yathunthu, osaona womuluma." Mutu sanagwedeze, sanapukuse. Akhala pansi n'kuyamba kufunsa a Esinati za mbewu ya chaka chamawa, ngati ine ndapita kale.

Alendo atachoka, a Esinati andipatsa khasu. "Kumbani kuseri kwa nkhokwe. Mukatha, khasulo mulitsamiritse pa khoma. Musachite kuodira."

Makande a chilimwe ndi olimba. Ndakumba mpaka matuza onse aphulika. Sajeni ndi wopepuka, mafupa okhaokha. Ndamuika bwino, ndakwirira, ndatsamiritsa khasu. Sindinaodire.

Pobwerera ndapeza a Tcheya akumasula zingwe. Andikumbutsa za mathalauzi awo, ndakawatenga n'kuwaperekera.

Lamulungu

Sindinafune kupita ku tchalitchi, koma kujomba lero ndiye kuwapatsa anthu nkhani ina. Ndapita.

A Tcheya ali pa benchi la kutsogolo, avala limodzi la mathalauzi aja. Lawakhala bwino kwambiri. Ntchito yanga yabwino koposa chaka chino.

Kwaya yaimba. Mawu a a Esinati ndawamva pakati pa onse, sananjenjemere ngakhale pang'ono. Ine buku la nyimbo ndaligwira chozondotsa mpaka ndime yachitatu.

Potuluka ndawatsatira mpaka pa mtengo wa belu. Usiku wonse ndinakonza mawu ambiri, atuluka ochepa, ndiponso opusa: ndati pepani, ndati ndikupezerani kagalu kena.

Andiyang'ana mosakwiya, ndipo kusakwiyako ndi kumene kwandipweteka.

"Agalu ndi ambiri, a Telala. Sajeni anali atakalamba, chaka chino kaya akanachimaliza. Za kalatayo ndikanakhululuka, mantha tonse tili nawo. Koma ine ndinkafuna munthu woti akalumidwa azinena womuluma, ngakhale kwa ine ndekha. Ndifunsenso: anakulumani ndi agalu a ndani?"

Andipatsa mpata! Aima, akudikira. Ndatsegula pakamwa. Koma ndayamba ndayang'ana kaye kumene aima a Tcheya, ngati ali pafupi.

Anali patali, pa khomo la tchalitchi, akugwirana chanza ndi abusa. Sakanamva kanthu. Pobweza maso, a Esinati afika kale pa msewu, akumanga mpango wawo, osacheuka.

Mpunga wotsala akuti apuntha ana a amalume.

Mawa kusoka.